PAMENE CISONI CIKANA KUCOKA

Tonsefe ticidziwa cisoni. Maliro akagwa pamudzi timalira ndi kugona pasiwa, koma pakapita masiku mtima umakhala pansi, ndipo timabwerera kumunda ndi kumsika. Komabe pali cisoni cina cimene sicicoka. Mayi amene anali woyamba kufika ku kwaya tsopano angodzitsekera m'nyumba, nsima saikhudza, mwana akalira angomuyang'ana. Ife timafulumira kuweruza: ena ati ndi ulesi, ena ati anamulodza, enanso ati cikhulupiriro cake cazirala. Tikatero timcimwira munthu wodwala.

Awa ndi matenda a kupsinjika maganizo, amene madokotala amawacha Depression. Mu 2023 bungwe la WHO linanena kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni pa dziko lonse anali nawo, ndipo akazi anali ambiri kuposa amuna.

Gwero lake

Matendawa sacokera kumodzi. M'mabanja ena amayenda m'magazi. Kwa ena amayamba pambuyo pa imfa ya wokondedwa, kutha kwa nchito, nkhanza za m'banja kapena matenda okhalitsa monga shuga ndi AIDS. Amayi ena amawagwira atangobereka. Mowa, umene ambiri amathawirako, umangowonjezera moto. Nthawi zina amagwira ngakhale munthu amene zonse zikumuyendera bwino.

Zizindikiro

Zizindikiro zazikulu ndi ziwiri: cisoni ca tsiku ndi tsiku, ndi kusakondwanso ndi zinthu zimene kale zinali kumsangalatsa. Pamwamba pa izi, tulo timasowa kapena kucuruka, cilakolako ca cakudya cimasintha, thupi limalefuka, maganizo sakhazikika, ndipo munthu amadziona wopanda pake. Ambiri a ife sitichula za mumtima. Timangodandaula mutu, msana ndi kutentha m'cifuwa. Abambo ena amasanduka aukali.

Kupima kwake

Palibe kupima magazi kumene kumaonetsa matendawa. Dokotala amafunsa ndi kumvetsera, kuti adziwe ngati zizindikiro zakhala milungu 2 kapena kuposerapo, ndiponso ngati zikulepheretsa nchito ndi moyo wa pabanja. Ena amatsata pepala la mafunso 9 lochedwa PHQ-9. Magazi angatengedwe pofuna kutsimikiza kuti kulefukako sikucokera ku kucepa kwa magazi kapena ku cithokomiro.

Matendawa amacizika ndi uphungu, ndi mankhwala, kapena zonse ziwiri. Mankhwala amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira, tsono wodwala asawaleke msanga. Tisayembekeze kufika ku Chainama Hills mu Lusaka. Tiyambire pa kiliniki yathu yapafupi.

M'bale akanena kuti kuli bwino afe, tisamseke kapena kumdzudzula. Tisamsiye yekha, ndipo timperekeze kucipatala tsiku lomwelo. Wodwala malungo timampempherera, koma timamtengeranso ku mankhwala. Ticite cimodzimodzi kwa uyu, pakuti iye alibe mphamvu yodzinyamula yekha.