Cotupa ca m'Khosi: Mau kwa Abale a m'Mapulazi

Abale athu a ku Malawi okhala m'makomboni a ku Mazowe, Bindura ndi Marondera, tamverani. Munthu akaturuka cotupa cosapweteka m'mbali mwa khosi, ambiri a ife tithamangira kutema mphini. Koma cotupaco cikadza pamodzi ndi mphuno yotsekeka, kamfuno wosatha, ndi khutu limodzi losamva bwino, ingakhale khansa ya kuseri kwa mphuno, pamwamba pa mmero. Wotereyo apite msanga ku cipatala, kuti akadule kanyama nakayese.

Nthendayi icuruka kumwera kwa China, koma ipezekanso kuno. Iyenderana ndi kacirombo ka Epstein-Barr, kamene kanadziwika m'caka ca 1964. Popeza ibisala, ambiri afika kwa dotolo itakula kale, ndipo pamalopo mpeni sufika bwino.

Kale anali kuitentha ndi ceza ca makina cokha. Koma mu 1998 madotolo a ku America analengeza cimene anapeza: mwa odwala 100 olandira ceza cokha, 47 anali moyo zitapita zaka 3, mwa olandira ceza pamodzi ndi mankhwala, 78. Mankhwalawo, dzina lao cisplatin, alowa m'mtsempha, nafoketsa khansa kuti ceza ciitsirize.

Kuno ku Mashonaland cipatala ca boma cocita nchitoyi ndico Parirenyatwa, ku Harare. Wodwala agona pa makina mphindi zowerengeka, Lolemba kufikira Lacisanu, masabata 7. Ulendowu ngwowawa ndithu: m'kamwa muuma, mmero ucita zironda, mseru ubvuta. Ayenera kudya phala ngakhale kumeza kupweteke, ndi kumwa madzi ambiri cifukwa ca impso.

Tsono mau athu akuru ndi awa: musadukize. Tidziwa kuti nyengo yothyola fodya tsiku liri lonse ndi ndarama, ndipo cotupa cikaphwa mtima uti ndacira. Koma masiku odumpha apatsa khansa mpata wophukanso. Musananyamuke, lankhulani ndi kapitao ndi mwini pulazi, ndipo mupeze mbale ku Mbare kapena ku Highfield wokusungani.

Ife a ku Malawi tidziwika ndi mabungwe a maliro, ndipo sitilephera kusonkha za bokosi. Nanga cotiletsa nciani kusonkha za basi ndi za ufa, mbale wathu akali moyo?