Kodi Aspirin Angateteze Chiwindi ku Khansa?

Kachilombo ka hepatitis B kapena C kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri mwiniwake osadziwa, chiwindi chikutupa pang'onopang'ono mpaka khansa kuyamba. Ofufuza apeza kuti ma platelet, tizigawo ta magazi tothandiza kuti magazi aundane pabala, timaitaniranso asilikali a m'thupi ku chiwindi, ndiye kutupako sikutha. N'chifukwa chake akuunika mankhwala ofooketsa tizigawoti, monga aspirin ndi clopidogrel.

Mu 2020 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Sweden wokhudza anthu oposa 50,000 a hepatitis B kapena C. Pa zaka 10, anthu 4 mwa 100 alionse omwa aspirin wochepa mphamvu anadwala khansa ya chiwindi, pomwe mwa osamwa anali 8. Komatu ofufuzawo ankangotsata mbiri za odwala, choncho sizikutsimikiza kuti aspirin ndiye anawateteza.

Ndiye musathamangire kugolosale. Aspirin angachititse kuti munthu azitaya magazi m'mimba, makamaka ngati chiwindi chinawonongeka kale kapena ali ndi zilonda za m'mimba. Woyenera kugamula zomwa mankhwalawa ndi dokotala.

Njira zodalirika zilipo kale. Pitani mukayezetse magazi. Hepatitis B amagonja ku mankhwala a tenofovir, ndipo hepatitis C amachizika. Mwana asaphonye katemera wa kusikelo pa masabata 6, 10 ndi 14. Pewani mowa, ndipo mtedza kapena chimanga chikachita chuku, musadye, chifukwa poizoni wake amawononga chiwindi.