Manda a Jumbe ku Nkhotakota

Inu amene mumakhala m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, kodi munafikako ku Nkhotakota? Tsiku lina mudzakwere basi yopita kumpoto. Mukatsika pa boma, mudzafunse njira ya ku mzikiti wakale. Kumeneko kuli manda a mafumu atatu achisilamu. Mafumuwa ankatchedwa Jumbe.

Jumbe woyamba anali Salim bin Abdallah. Iye anachokera ku Zanzibar cha m'ma 1840. Anthu ake anamanga zombo zoyendera mphepo, anafalitsa Chisilamu, ndipo analimbikitsa ulimi wa mpunga. Lero mukamadya mpunga ndi chambo, dziwani kuti ulimi umenewu unayamba kale m'dera la kunyanja.

Koma nkhani siithera pomwepa ayi. Chuma cha Jumbe chinkachokera ku minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ankagwidwa m'midzi, kuwoloketsedwa nyanja, ndi kuyenda pansi mpaka ku Kilwa, ku nyanja ya mchere. David Livingstone anafika ku Nkhotakota mu 1861 ndi mu 1863, ndipo anaona zimenezi ndi maso ake.

Jumbe wachitatu anachita pangano ndi Harry Johnston wa boma la Britain mu 1889. Anamwalira mu 1894. Wachinayi sanakhalitse pampando. Azungu anamuchotsa nakamutula ku Zanzibar. N'chifukwa chake manda alipo atatu, osati anayi.

Mukafika pamandapo, kumbukirani mwambo wa Asilamu. Iwo amagoneka maliro chakumanja, nkhope itayang'ana ku Makka. Kwa ife kuno, Makka ali chakumpoto. Mfumu ndi munthu wamba amagonekedwa chimodzimodzi.

Tsono taganizani. Mafumu aja manda awo alipo, ndipo mayina awo tikuwadziwa. Nanga akapolo aja? Ambiri anafera m'njira, popanda wowalira. Manda awo palibe angawaloze. Mwina ena mwa iwo anali abale a makolo athu.

Choncho manda a Jumbe ndi ofunika kuwasamala. Tisachotsepo miyala, tisalimepo, tisatenthepo moto. Tipite nawo ana athu, tikawauze zonse, zabwino ndi zowawa zomwe.

Kambiranani ndi anzanu:

1. Kodi Jumbe woyamba anachokera kuti?
2. N'chifukwa chiyani manda alipo atatu okha?
3. Kodi kwanuko kuli malo akale otani amene ana anu ayenera kuwadziwa?