Cifukwa cake mbalame yoimba m'mamawa ikusowa m'makomboni a Lusaka

Anthu okhala ku Marapodi, Matero, Kanyama ndi makomboni ena a mu Lusaka kawirikawiri amadzutsidwa ndi atambala ndi phokoso la mabasi. Koma kumadera a mzindawu kumene kukali zitsamba zowirira, m'mamawa kumamveka nyimbo ya kambalame kochedwa Heuglin's robin m'Cingerezi.

Mbalameyi ndi yotalika masentimita pafupifupi 20. Pacifuwa ndi pamimba pake ndi pofiirira ngati lalanje lakupsa, mutu ndi wakuda, ndipo pamwamba pa diso pali mzere woyera. Dzina lake linacokera kwa Theodor von Heuglin, katswiri wa mbalame wa ku Germany amene anayendera maiko a kumpoto cakum'mawa kwa Africa m'zaka za m'ma 1800.

Imaimba m'bandakuca ndi madzulo. Nyimbo yake imayamba motsitsa, nkumakwera pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina yaimuna ndi yaikazi zimaimba molandizana.

Kusowa kwake m'makomboni kukucokera pa kadyedwe kake. Mbalameyi imadyera pansi, kufukula masamba ouma pofunafuna nyerere, ciswe ndi tizilombo tina. Cisa cake imamanga m'citsamba cowirira, ndipo imaikira mazira awiri kapena atatu. Kumene nyumba zathithikana, mabwalo amasesedwa tsiku lililonse ndipo masamba amatenthedwa, iyo imasowa cakudya ndi pobisala. Amphaka ndi malegeni a ana nazo zimaiopseza.

Nkhalango zozungulira mzindawu nazonso zikucepa. Mabanja ambiri m'makomboni amaphikira malasha, amene amacokera ku mitengo yodulidwa m'maboma oyandikana ndi Lusaka. Pakati pa 2017 ndi 2019, boma linacotsa citetezo pa mbali zina za nkhalango ya Forest 27, kum'mawa kwa mzindawu, ndipo pamalopo panayamba kumangidwa nyumba. M'nkhalango imeneyi ndi mmene mumayambira mtsinje wa Chalimbana, motero kutha kwake kukukhudza mbalame ndi madzi a anthu omwe.

Malo ena otetezedwa alipo, monga Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015. Komanso mbalameyi siopa kukhala pafupi ndi anthu, ndipo imakhazikika m'minda ya pakhomo ikapeza mthunzi. Banja limene labzala mpanda wa zitsamba, nkusiya masamba ouma pansi pa mtengo wa mango m'malo mowatentha, likhoza kuimva ikuimba pakhomo pao.