Nthenda Yobisala M'matumbo ndi Amphawi a ku England

Tamverani za ku England, dziko la chuma, kumene boma liyeza anthu nthenda ya khansa ya m'matumbo popanda kulipiritsa, koma amphawi ambiri sayezetsa konse.

Nthendayi imayamba ngati kanjerewere komera m'kati mwa matumbo aakulu. Kamakula pang'onopang'ono zaka zambiri, mwini wake osamva kuwawa, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Koma kawirikawiri kamataya timagazi tosaoneka ndi maso, totsagana ndi chimbudzi. Madotolo akaipeza isanafalikire, odwala oposa 9 mwa 10 amakhala ali moyo patapita zaka 5. Ikapezeka itafika kale ku ziwalo zina, otsala ndi mmodzi yekha mwa 10, kapena pafupi pomwepo.

Chifukwa cha ichi, m'chaka cha 2006 boma linayamba kutumiza papositi kakhadi koyezera kwa amuna ndi akazi a zaka 60 kufikira 69, kamodzi pa zaka ziwiri. Munthu ankapakapo chimbudzi pang'ono, cha maulendo atatu osiyana, n'kukabweza papositi pomwepo. Magazi akapezeka, ankamuitana kuchipatala kuti akamuunike m'matumbo.

Tsono m'chaka cha 2011 akatswiri a ku University College London anawerenga mayankho a anthu 2,600,000 oyamba kuitanidwa. Mwa anthu 100 alionse, obweza khadi anali 54. M'madera olemera koposa anali 61, koma m'madera osauka koposa anali 35 okha. Taonani, khadi n'lomwelo, mtengo palibe, koma kusiyana n'kwakukulu chotere!

Nanga chinawatsekereza amphawi n'chiyani? Ena sadziwa bwino kuwerenga, ndipo kalata yaitali ya mawu achipatala imawalemera. Ena akhala mothinana, banja lalikulu kapena mabanja angapo pa chimbudzi chimodzi, kotero kusunga khadi lotere masiku angapo kuwachititsa manyazi. Ena amasamukasamuka, pamene khadi limapita ku adiresi imene munthu analembetsa kwa dotolo wake. Wina mtima wake uli pa lendi ndi chakudya cha mawa. Nthenda yosawawa lero aiyesa nkhani ya m'tsogolo. Aliponso amene anaona abale awo akufa nayo atachedwa kupita kuchipatala, nayesa kuti khansa ndi imfa basi, ndipo aopa kumva.

Akuluakulu a zaumoyo sanakhale chete. Anayesa makalata osiyanasiyana, ndipo m'chaka cha 2016 kunamveka kuti kalata yokumbutsa yolembedwa momveka inachepetsako kusiyanaku, ngakhale pang'ono pokha. Pambuyo pake kunadza choyezera chatsopano chotchedwa FIT, chimene Scotland inayamba nacho mu 2017 ndi England mu 2019. Ndi kabotolo kokhala ndi kamtengo, ndipo munthu atapa chimbudzi kamodzi kokha. Oyezetsa anachuluka ndithu, amphawi omwe, koma mpaka lero ali m'mbuyo mwa olemera. Kuyambira 2021 England inatsitsanso zaka zoyambira kuyeza, pang'onopang'ono, kufikira 50.

Apa tiphunzirapo kuti chinthu chaulere sichifika chokha m'nyumba ya mmphawi. Pafunika wina womuwerengera kalata, womuchotsa mantha ndi womukumbutsa.

Inu amene muli ndi abale achikulire ku Britain, afunseni ngati analembetsa kwa dotolo pa adiresi imene akhala tsopano, ndi ngati anabweza kabotolo kaja. Ndipo kuno kumudzi, munthu akaona magazi m'chimbudzi, kapena m'mimba mukasintha kwa milungu ingapo, kapena akamaonda popanda chifukwa, asabise ndi manyazi. Muperekezeni kuchipatala msanga, ndipo ngati ya ulendo yasowa, abale sonkhani.