Musanazule zenera lakale, yambani mwalibaya ndi msomali

Mukayenda kuchokera pa Balaka kudzera pa Liwonde mpaka ku Ntaja, muona kuti mawindo a aluminiyamu, a magalasi akuda kapena a buluu, ndiwo ali m'fasho. Pa nyumba yatsopano ndilibe nawo mawu, mwini ndalama ndiye amasankha. Chondiwawa n'chakuti mphepo yomweyi yafika pa matchalitchi, mizikiti, sukulu za mishoni ndi nyumba za boma zomwe zinamangidwa agogo athu ali anyamata. Komiti ikangosonkhetsa ndalama za chitukuko, choyamba kuzulidwa chimakhala zenera.

Nyumba zoterezi tili nazo ndithu, ngakhale sizitchuka ngati Mandala House ya ku Blantyre yomwe inamangidwa mu 1882. Ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni ya Utale mu 1908. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima inadutsa pa Balaka m'zaka za m'ma 1930, ndipo tauniyi inakula mozungulira siteshoni. Ku Machinga kuli boma lakale lomwe akuluakulu amalitchulabe kuti Kasupe. Mpaka 1998 Balaka inali mbali ya Machinga, choncho mbiri ya nyumbazi ndi imodzi.

Ine ndinakulira m'shedi ya ukalipentala ya bambo anga, ndiye ndikaona zenera maso anga amathamangira m'munsi. Zenera la matabwa silifa lonse nthawi imodzi. Limayamba kuwola pa thabwa lopingasa lapansi, pomwe madzi a mvula amadikha, ndi m'makona awiri a m'munsi momwe chiswe chimalowera kuchokera m'khoma. Tengani msomali mubaye. Ukalowa ngati m'chinangwa chophika, pamenepo pawola. Ukakana, thabwalo likadali ndi moyo. Nthawi zambiri mupeza kuti powola ndi pang'ono chabe, kumtunda konse kuli gwa, chifukwa amisiri akale ankagwiritsa ntchito mlombwa, mbawa kapena mkungudza wa ku Mulanje. Mkungudzawo chiswe chimaulambalala, ndipo lero watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Munthu wozula felemu ya mtengo umenewu n'kukaisandutsa nkhuni akuotcha chinthu chomwe sadzachigulanso kulikonse.

Kalipentala wodziwa ntchito amadula powolapo, n'kulumikiza chidutswa cha mtengo wouma bwino wa mtundu womwewo. Akatero amapala penti wakale, kuchotsa putty wong'aluka wa m'mbali mwa galasi, kumata wina, n'kupentanso. Mawindo achitsulo a nthawi ya atsamunda nawonso sasowa mankhwala: burashi ya waya, penti wofiira woletsa dzimbiri, ndi wowotcherera wa pamsika. Pano ndichenjezeko pang'ono: penti wambiri wakale ali ndi mtovu, womwe ndi poizoni makamaka kwa ana. Popala muzinyowetsa kuti fumbi lisauluke, ndipo ana asamasewere pafupi.

Sindikunyoza aluminiyamu. Chiswe sichimutafuna, sachita dzimbiri ngati chitsulo, safuna penti chaka ndi chaka, ndipo akakhala watsopano amatchinga fumbi bwino. Msungichuma wa mpingo yemwe watopa n'kugula penti ali ndi mfundo. Koma wogulitsa pali zina zomwe sakuuzani.

Choyamba ndi mpweya. Mawindo ambiri a aluminiyamu omwe akuikidwa kuno ndi okankhira m'mbali, galasi lina n'kubisala kuseri kwa linzake. Ngakhale mutakankha mpaka pothera, potseguka ndi theka lokha la bowo. Zenera lakale la mahinjesi limatseguka lonse, ndipo ukalipendeketsa limakola kamphepo kodutsa m'mbali mwa khoma n'kukalowetsa m'nyumba. Omanga akale ankadziwa kutentha kwa chigwa cha Shire, n'chifukwa chake ankapanga mazenera aatali, ena okhala ndi kazenera pamwamba kotulutsira mpweya wotentha. Ndinapempherapo m'tchalitchi lina lomwe linasinthidwa mawindo, mwezi wa Okutobala. Ulaliki usanafike pakati, amayi anali akudzikupiza ndi mabuku a nyimbo, ana akulira, abambo ena atatuluka kukaima pansi pa mtengo. Komiti inayambitsa chopereka china chogulira mafani, omwe magetsi akathima amangokhala zokongoletsa kudenga.

Vuto lalikulu kwenikweni lili m'khoma. Nyumba zakale zambiri ndi za njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi kapena laimu, wonga amene amaotchedwa ku mapiri a Chenkumbi konkuno ku Balaka. Khoma lotere ndi lofewa: limamwa chinyezi n'kuchitulutsanso, limasuntha pang'ono osang'aluka. Felemu inamangidwira momwemo, ndiye kuti ituluke pamafunika hamala ndi tchizulo, njerwa za m'mbali n'kuphwanyika. Wokonza amatseka mabalawo ndi simenti yamphamvu. Simentiyo siyenda limodzi ndi khoma ndipo imatsekera chinyezi m'kati, motero pakapita nyengo zingapo za mvula mumaona mng'alu kuzungulira zenera, pulasitala akufufuma, njerwa zikusanduka ufa. M'nyumba zina felemu yamatabwa ija ndi yomwe inkathandiza kunyamula njerwa za pamwamba pake. Aluminiyamu wa zenera sanapangidwire kusenza katundu. Mukamuika popanda kuona ngati pamwamba pali lintala yolimba, khoma limamutsamira, zenera limayamba kulimba pokankha, mapeto ake galasi limasweka lokha. Komanso dzuwa likamuomba amatanuka pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi chitsulo, ndiye amafunika kampata kothiramo silikoni. Simenti yaiwisi ikamugwera imamudya n'kusiya zipsera zosachoka.

Nanga maonekedwe? Mazenera ambiri a matchalitchi ndi mizikiti ali ndi mutu wokhota kapena wosongoka. Kukhotetsa aluminiyamu kumafuna makina, ndiye njira yachidule ndi kutseka mutuwo ndi njerwa, n'kutsala bowo la makona anayi. Nyumba ya mapemphero ya zaka 80 imayamba kuoneka ngati ofesi ya pa tauni.

Za mtengo wake tisamangoona tsiku logula. Dziko lathu silipanga aluminiyamu. Miyala yake ilipo pa phiri la Mulanje koma sinakumbidwepo. Mafelemu, timawilo toyendetsa galasi, mphira wa m'mbali ndi zotsekera, zonse ndi zochokera kunja ndipo zimafuna ndalama zakunja. Fumbi la Balaka likadzaza m'kanjira ka timawilo, timatha msanga, mphira nawo umauma ndi dzuwa. Kupeza kawilo kofanana ndi kanu patapita zaka khumi ndi nkhani ina, pomwe hinjesi mumaipeza pa hadiweya iliyonse.

Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limaletsa kusintha nyumba yomwe boma linailengeza kuti ndi yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndiyo imayang'anira. Koma nyumba zambiri za kwathu kuno sizili pa mndandandawo, ndiye mlonda wake ndi komiti ya mpingo, ya mzikiti kapena ya sukulu basi.

Alipo mazenera omwe anatheratu, msomali umalowa paliponse. Amenewo asinthidwe, ndipo ngati mwasankha aluminiyamu, funani wotsegukira kunja, wa galasi loyera, wodulidwa molingana ndi bowo lomwe lilipo, osati kugumula khoma kuti ligwirizane ndi felemu. Jambulani chithunzi musanayambe, ndipo m'mbali mumate ndi laimu. Koma inu a komiti, musanasainire kotesheni ya nyumba yonse, itanani kalipentala wachikulire wa m'dera lanu ayendere zenera lililonse ndi msomali m'manja, akuuzeni angati afadi.