Dontho la magazi lotseka njira ya kunja

Msika wa fodya ukatsegulidwa pa Chinkhoma, Kasungu amasintha nkhope. Malole odzaza mabelo amandandalika m'mbali mwa msewu wa M1, jeke sapuma m'zigafa, ndipo ogulitsa njinga ndi malata amadziwa kuti nyengo yawo yakwana. Kuyambira ku Santhe mpaka ku Chatoloma, ku Chamama mpaka kwa Chulu, aliyense amene watola kangachepe amakhala pansi n'kuyamba kuwerengetsa. Kale kuwerengetsako kunkathera pa feteleza, sukulu fizi ndi ngolo. Masiku ano m'mabanja ambiri mwalowa mutu wina: pasipoti ya mwana, ndalama ya ejenti, ndi medikolo.

Medikoloyo ndiye amanyozeka. Mnyamata amene amanyamula belo la makilogalamu 100 osapempha womusenzetsa angaope bwanji dokotala? Komatu pakhomo lolowera ku maiko ambiri olemba antchito akunja sayang'ana minofu. Amatenga magazi pang'ono m'kabotolo, ndipo chimodzi mwa zimene amafufuza ndi kachilombo kotupitsa chiwindi, hepatitis B, kamene munthu angakhale nako zaka 30 osamva ngakhale mutu kuwawa.

Pa 25 November 2023, ndege inanyamuka ku Lilongwe ndi achinyamata 221 kupita ku Israel kukagwira ntchito m'minda, imene inasowa manja nkhondo ya ku Gaza itabuka pa 7 October chaka chomwecho. Mwezi umenewo ndi umenenso kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Malipiro amene ankatchulidwa, pafupifupi madola 1,500 pamwezi, anali ndalama yoti mlimi wamng'ono wa bale akhoza kuisowa ngakhale atagulitsa fodya wa chaka chonse. Mu April 2024 maboma a Malawi ndi Israel anasainirana mgwirizano woti Amalawi pafupifupi 3,000 apite, pa nthawi imene mayi Nancy Tembo, amene anali nduna yoona za ubale ndi maiko ena, ankatsegula ofesi ya kazembe wa Malawi ku Tel Aviv. Kwa mwana wokulira m'nazale ya fodya, wodziwa kuthirira, kuwokera ndi kuthyola, ntchito ya m'munda ku Israel inaoneka ngati yomusokera iye mwini.

Koma chitupa cha ntchito cha dziko la Israel, chotchedwa B/1, chili ndi zofuna zake. Wopempha amayenera kuonetsa kalata ya kuchipatala chovomerezeka yotsimikizira kuti alibe TB, hepatitis ndi HIV. Palibe za kuti koma ndili bwinobwino. Pepala likakana, ulendo wathera pomwepo.

Ku maiko a Aluya a ku Gulf chingwe n'chothina kuposa apo. Saudi Arabia, Kuwait, Qatar, Oman, Bahrain ndi United Arab Emirates ali ndi dongosolo limodzi loyezera antchito asananyamuke kwawo, limene kale linkadziwika kuti GAMCA ndipo tsopano ndi Wafid. Amayeza HIV, TB, chindoko, hepatitis B ndi hepatitis C, ndipo zotsatira zimalowa m'kompyuta ndi liwu limodzi lokha, fit kapena unfit. Ngakhale amene wadutsa kwawo amakayezedwanso akafika, asanapatsidwe chitupa chokhalira m'dzikomo, chimene ku Saudi Arabia amati iqama. Apa ndiye pamene pamalirira ambiri. Munthu wakwera ndege, watsanzika mudzi wonse, mbuzi zagulitsidwa, katapila watengedwa. Pakangopita masabata angapo, akumuuza kuti alongedze.

Ku United Arab Emirates anafewetsako lamuloli mu 2010. Kuyambira pamenepo hepatitis B amayeza magulu ena okha: ogwira ntchito zapakhomo, olera ana, a m'sukulu za mkaka, ometa ndi okonza tsitsi, ndi ogwira zakudya. Wopezeka alibe kachilomboka amalamulidwa kubayitsa katemera katatu. Pakumva zikukhala ngati chifundo, koma tayang'anani bwino magulu amenewo. Woyang'anira banki wochokera ku London sali m'gulumo. Mtsikana wa ku Nkhamenya wopita kukachapa ndi kulera ana ndiye ali pakati penipeni pa mndandandawo.

Amayi oterewa alipo ndithu. Mu March 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya Amalawi amene anatengeredwa ku Oman ndi malonjezo a ntchito zabwino, n'kukapezeka ali ngati akapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Mayi Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America, anawasonkhanitsa pa gulu la WhatsApp, ndipo amayi 54 anabwezedwa kumudzi. Dongosolo la kafala limamangirira chitupa cha wantchito pa dzina la bwana wake. Choncho mayeso a magazi amagwera munthu amene alibe kale pothawira: sangasinthe ntchito mwakufuna kwake, sangafunse kuti amuyezenso kwina, ndipo kawirikawiri bwana ndi ejenti ndi amene amayamba kumva zotsatira mwini magazi asanadziwe.

Akuluakulu a ku Kasungu nkhani yotere si yachilendo kwa iwo. Anaiona nthawi ya Theba.

Kwa zaka zambiri amuna a chigawo chapakati ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela. Ngakhale mwana wodziwika kwambiri wa boma la Kasungu, Dr Hastings Kamuzu Banda, anayenda wapansi ali mnyamata kulowera kummwera, n'kukagwirako ntchito pa mgodi wa golide ku Witwatersrand. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchitoko. Njira inatsegukanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, Theba uja. Kenaka kunabwera HIV. Eni migodi ku South Africa anafuna kuti Mmalawi aliyense aziyezedwa magazi asananyamuke, boma la Malawi linakana, ndipo pakati pa 1988 ndi 1992 anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa. Amene anapezeka ndi kachilomboka anali pafupifupi 200 okha. Katswiri wa mbiri yakale, Wiseman Chijere Chirwa, atafufuza nkhaniyi analemba mu 1998 kuti HIV inangokhala chophimba. Migodi inali itayamba kale kuchepetsa antchito akunja. Fodya wa m'maesiteti a Kasungu anameza ena mwa obwererawo, pamodzi ndi matenanti ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Machinga.

Kusiyana kwake n'kwakuti HIV aliyense m'Malawi akuidziwa. Pali zikwangwani, pali nyimbo, pali kachipinda koyezera pa chipatala chilichonse. Hepatitis B ilibe mneneri. Ambiri amangodziwa chikasu, pamene maso asanduka achikasu ndi mkodzo wada. Mimba ikatupa ndi madzi, kumudzi amayamba kuloza zala: wadyetsedwa, walodzedwa, kapena ndi kachasu. Kachasuyo mlandu ali nawo ndithu, koma nthawi zambiri sakhala yekha.

Kafukufuku wophatikiza zotsatira za m'madera osiyanasiyana, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 8 mwa 100 alionse m'Malawi ali ndi hepatitis B. Wina wochitika khomo ndi khomo ku Ndirande, mu mzinda wa Blantyre, wotsogoleredwa ndi Dr Alexander Stockdale pansi pa bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, anapeza 5.1 peresenti mwa akuluakulu. Titenge chiwerengero chochepacho. Ndiye kuti pa achinyamata 100 oima pamzere wa medikolo, asanu akhoza kubwerera ndi pepala lowakana, pomwe m'mawa wa tsiku lomwelo anadzuka athanzi.

Kafukufuku wa ku Ndirande uja anapezanso china chosangalatsa: mwa ana obadwa katemera atayamba, amene anali ndi kachilomboka anali 0.3 peresenti yokha. Malawi anaika katemera wa hepatitis B m'ndondomeko ya kusikelo mu 2002, mu jakisoni uja woteteza matenda asanu amene khanda limabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Tawerengani nokha. Munthu aliyense amene anali ndi zaka 23 kapena kuposerapo mu 2024 anabadwa katemerayo asanafike. Msinkhu umene maejenti amaufuna, wa mphamvu ndi wokhwima maganizo, ndi womwewo umene unaphonyedwa.

Ndipo apa m'pamene manyazi amalakwira munthu. Wobwezedwa chifukwa cha magazi amafika pamudzi anthu atamaliza kale kumuweruza: ankayendayenda ameneyu. Zoona, hepatitis B imafala pogonana, komanso pobwerekana malezala, masingano ndi zotemera mphini. Koma muno mu Africa ambiri mwa amene amakhala nako moyo wonse anakatenga pobadwa kuchokera kwa mayi, kapena ali aang'ono posewera ndi anzawo okhala ndi zilonda. Khanda likatenga kachilomboka, pa ana 10 alionse mpaka 9 amakhala nako mpaka kalekale. Wamkulu akatenga, thupi limakathamangitsa lokha, ndipo osakwana 5 mwa 100 ndi amene amatsala nako. Mnyamata wokanizidwa chitupa lero mwina akulipira za tsiku limene anabadwa. Kachilomboka sikafala podyera mbale imodzi, pomwera chikho chimodzi, pogwirana chanza kapena pokhosomola. Wothyola tomato m'munda wa ku Israel sangapatsire munthu wodya tomatoyo.

Chimene amayeza pachipata, chotchedwa HBsAg, chimangonena kuti kachilombo kalipo. Sichinena kuchuluka kwake m'magazi, sichinena ngati chiwindi chavulala, sichinena ngati munthuyo angagwire khasu. Ambiri okhala nako amakalamba osadwala. Pa hepatitis C zinthu n'zokhota koposa, pakuti mayeso oyamba amayang'ana asilikali a m'thupi olimbana ndi kachilomboka, amene amatsalabe ngakhale munthu atachira. Mankhwala a masiku ano, monga sofosbuvir, amachiza hepatitis C m'masabata 12 mwa anthu oposa 95 pa 100 alionse, koma wochirayo akhoza kuwerengedwabe ngati wodwala pamaso pa kalaliki wa zitupa. Mwamwayi mtundu umenewu ndi wochepa m'Malawi.

Maiko olandira antchito ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zonse zopanda pake. Safuna kusenza mtengo wochiza chiwindi cha mlendo, ndipo wogwira lezala kapena singano pa thupi la anthu ena ayeneradi kusamala. Koma si onse amene amaona choncho. South Africa, kumene Amalawi ambiri amapitabe, safunsa za hepatitis pa chitupa cha ntchito. Britain amafuna Mmalawi wokakhala miyezi yoposa 6 ayezedwe TB basi. China, limene lili ndi anthu okhala ndi hepatitis B ochuluka kuposa dziko lina lililonse, linaletsa mu 2010 kuyeza matendawa polemba anthu ntchito kapena polowa sukulu, litaona kuti mamiliyoni a anthu athanzi ankatayidwa kunja popanda chifukwa.

Chopweteka kwambiri si kukanizidwa ulendo ayi, koma zimene zimachitika pambuyo pake. Mayeso a chitupa amasefa, sachiza. Ejenti akangomva kuti unfit, amaitana wotsatira pamzere. Wokanizidwayo amabwerera ku munda wa bambo ake ndi pepala limene sanalimvetse, osadziwa kuti mkazi wake ayenera kuyezedwa ndi kubayitsa katemera, kuti abale ake a bere limodzi mwina ali nakonso, kuti mowa tsopano ndi mdani wake weniweni. Ndipo ku Kasungu kuli mdani wina wobisala m'nkhokwe. Dera lino limalimanso mtedza ndi chimanga chambiri, ndipo mbewu zikasungidwa zisanaumitsitse zimachita chuku, chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu akakumana ndi hepatitis B m'chiwindi chimodzi, chiopsezo cha khansa chimakwera kowirikiza. Mtedza wabwino umapita ku msika. Wosankhidwa wofota uja ndi umene umasinjidwa n'kuthiridwa m'ndiwo zapakhomo.

Chonsecho mankhwala alipo, ndipo Amalawi akuwadziwa kale osazindikira. Tenofovir, amene amagonetsa hepatitis B, ali m'mbulu womwe uja wa ma ARV umene anthu mazanamazana amalandira ulere mwezi ndi mwezi pa chipatala cha boma cha Kasungu. Kwa zaka zambiri zinali zoti munthu wokhala ndi HIV ndi hepatitis B pamodzi ankathandizidwa matenda onse awiri, pamene wa hepatitis B yokha ankasowa khomo logogoda. Unduna wa Zaumoyo tsopano unaika matenda a chiwindiwa m'nthambi imodzi ndi HIV, ndipo mu 2024 bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo atsopano olola anthu ambiri kuyamba mankhwala msanga. Bungwe lomwelo linati mu 2022 anthu 254 miliyoni pa dziko lonse anali ndi hepatitis B, ndipo mitundu ya B ndi C pamodzi inkapha anthu 3,500 tsiku lililonse.

Amene anazolowera za maulendowa amalangiza kuti dongosolo litembenuzidwe: magazi ayambe, pasipoti itsatire, ndalama ya ejenti ikhale yomalizira. Kuyeza HBsAg ndi kwa dontho limodzi la pachala ndipo zotsatira zimatuluka pasanathe ola. Wopezeka alibe akhoza kubayitsa katemera n'kutsekeratu nkhaniyo. Wopezeka nako adziwiratu maiko ndi ntchito zimene sizimulandira mbuzi zikadali m'khola. Boma nalo, posainira migwirizano yotumiza achinyamata kunja, lili ndi mpata wofunsa mafunso amene ejenti sangafunse: wolipira mayeso ndani, wokanizidwa abwezeredwa zingati, zotsatira azimva ndani poyamba, ndipo atumizidwa kwa dokotala uti.

Ana oyamba kubayidwa katemera uja mu 2002 tsopano ndi akuluakulu, ndipo ayamba kufika pa mizere ya medikolo. Ambiri mwa iwo adzadutsa osadziwa n'komwe kuti jakisoni amene anawaliza kusikelo ali ndi masabata 6 ndi amene wawatsegulira chipata. Akulu awo obadwa mu 1995 kapena 1999, amene anawabereka kumsana amayi ali m'chigafa kusoka fodya, aima pamzere womwewo, pasipoti yatsopano ili m'thumba, akudikira kuitanidwa dzina.